Foni Yanga Ikudikira Maliro

Lolemba

Ndalama yatha mwezi usanathe. Bambo a Chisomo akuti pofika Lamulungu ndiwauze chenicheni: nyumba ino imadya zingati pamwezi? Ndikalephera, ndalama azisunga alamu, achemwali awo amene tikukhala nawo chithere banja lawo. Alamu! Munthu wowerenga machesi m'bokosi. Ndizikapempha ya mchere kwa iwo, m'nyumba mwangamwanga?

Vuto ndi lakuti miyezi siifanana. Kuno ku Rumphi Juni akafika, mphepo ya ku Nyika imalowa m'mafupa, aliyense afuna madzi otentha, mayunitsi amatha ngati wina akumwa. Dzinja makala amakwera mtengo, koma madzi timatchera a padenga. Okutobala mpopi umauma, timagula pachitsime. Ndiye nditchule za mwezi uti?

NyaGondwe, neba wanga wophunzitsa kusukulu ya mishoni, wandiikira kapulogalamu pafoni. Akuti ukakauza zomwe unalipira m'mbuyomu, kamakuuza zam'tsogolo, nyengo ndi nyengo. "Chipusu chomene, mama," akutero, kutanthauza kuti n'kosavuta. Kwa iye. Ine sukulu ndinalekera panjira.

Lachiwiri

Tsiku lonse kulowetsa. Ndikufufuza mauthenga akale a ndalama m'foni, a chaka chatha ndi chinacho. Mayina ndikulemba ndekha m'Chichewa kuti ndizimva:

mayunitsi
makala
madzi
chigayo
chopereka cha masika
mafuta odzola, poti Juni miyendo imachita mbuu
chipepeso

Pa chipepeso ndakayika. Koma si ndalama yotuluka nayonso? Juni wa chaka chatha tinatumiza kwathu ku Ntcheu amalume atatisiya. Juni winayo tinakapepesa ku Phwezi. NyaGondwe anati ukakabisira kanthu kamakunamiza. Ndalowetsa.

Kajambula mizere yokwera ndi kutsika ngati msewu wa ku Chelinda. Sindikumvapo kanthu, koma ndi yokongola. Nyemba zapserera. Alamu: "Ndiwo lero ndi foniyo, eti?"

Lachitatu

Mayo ine!

M'mawa foni kuti ting! Ndikuyang'ana. Mayunitsi, Lachisanu. Chabwino. Makala, Loweruka. Chabwino. Chipepeso, Loweruka.

Loweruka lake lomwe lino!

Wa ndani? Sikakunena. Kangolemba ndalama yake, yoposanso ya chaka chatha. Ndiye kuti ndi wapafupi.

Amene akundidetsa nkhawa:
apongozi ku Ntcheu, miyendo ija
aMsiska a kuseri kwathuku, okalamba, lero sanatuluke kuothera dzuwa
bambo a Chisomo, akutsokomola chiyambire dzulo
ineyo, mtima ukuthamanga chiyambire m'mawa

Alamu ali bwinobwino. Amaliza mbatata mbale yonse.

Lachinayi

NyaGondwe waseka mpaka kugwira mpanda. Akuti kameneka sikadziwa munthu, kangoona kuti Juni aliyense ndimalipira chipepeso, ndiye kakuyesa ndi bilu ngati ya madzi. Ndalama yakwera chifukwa zinthu zikukwera. "Fufutani waka, mama."

Ndifufute? Ukaphimba kalilole nkhope imachoka? Bola ndizidziwa.

Ndaimbira apongozi. Adabwa. "Simuimbaimba inu, kwagwanji?" Ali bwino, akungofuna ya mankhwala opaka. Ndikanakana bwanji sabata ngati ino? Ndatumiza ija ndinabisa ya makala.

Yotsala ndagula shuga ndi buledi, ndapita kwa aMsiska. Ndawapeza kuseri kwa nkhokwe, athawa mphepo, akusoka mphasa. Athokoza, yewo yewo. Koma ndinawayang'anitsa kwambiri, ndipo ndinafunsa kawiri ngati akupuma bwino.

Izi ndizilowetse pati? Shuga wa munthu amene sanamwalire alibe mzere wake.

Lachisanu

Mayunitsi athadi! Lero lomwe, monga kananenera! Wailesi ili pakati pa nyimbo, zii. NyaGondwe anene zonena zake, koma apa kalondola. Ndiye mawa kalakwitsa bwanji?

Bambo a Chisomo chifuwa chikadalipo. Zomwe ndachita:
ndimu ndi jinja
juzi ziwiri
ndawaletsa kukwera kabaza, apite wapansi kuofesi
ndapha tambala

Inde, tambala uja timasungira Khirisimasi. Ngati ndi iwo, apite atadya bwino. Akudya, akundiyang'ana. "Mayi a Chisomo, mwalakwa chiyani?" Ndathawira kukhitchini.

Nkhani yafika pampopi, sindikudziwa wainyamula ndani. Ndikudziwa, ndinauza NyaGondwe yekha. Mayi wina wabwera kudzafunsa ngati foni ingaone za amuna ake ali ku Joni. Mpongozi wa aMsiska wabweza shuga, wamuika pakhonde. "Adada akuti sanakonzeke, muyese kwina." Buledi sanabweze.

Loweruka

Sindikuchapa, sindikupita kumsika. Chitenje chakuda ndachiika pafupi. Makala athanso, ziwiri tsopano kalondola, ndikuphikira zitsononkho, maso ali piriwiri ndi utsi.

Foni ikalira, ndikuithamangira. Woyamba wasokoneza nambala. Wachiwiri ndi apongozi, akuti mankhwala agwira, atsikira okha kudimba, kodi ndingawonjezere?

Galimoto iliyonse yochokera ku Njakwa ndikuimvetsera ngati muli nyimbo za maliro. Ndabwereka wailesi ya mabatire kuti ndimve mauthenga a maliro. Mayina ambirimbiri, wathu palibe. Mtima wakhala pansi, kenako ndachita manyazi.

Bambo a Chisomo chifuwa chatha, apita kukaonera mpira. AMsiska adutsa pamsewu ndi ndodo yawo, mwachangu, nkhope atayang'ana kumbali.

Dzuwa lalowa. Pakhomo pano wamwalira ndi tambala yekha.

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi. Bambo a Chisomo akhala pampando, alamu pamkeka, manja pamiyendo ngati alendo. "Tiuzeni tsono."

Ndawapatsa foni. Awerenga mayunitsi, agwedeza mutu. Makala, madzi, agwedeza. Aima.

"Chipepesochi ndi cha ndani?"

Ndati sanadziwike.

Kenako afunsa za ndalama ya makala. Za shuga. Za tambala. Atamva chifukwa chake anadya tambala, avula juzi imodzi pang'onopang'ono, aipinda.

Ndalama azisunga alamu kuyambira mawa. Ayamba kale: machesi ali m'chikwama chawo, ndikafuna ndizinena.

Masana foni kuti ting! Chingerezi chachitali. Ndapita kumpanda, NyaGondwe wandiwerengera. Akuti chipepeso sichinalipidwe, kodi tichichotse, kapena tichisunthire mwezi wamawa?

Ndaganiza za apongozi kudimba, aMsiska ndi mphasa yawo yosatha. Ndasunthira mwezi wamawa. Kaya ndi ndani, ndamuwonjezera masiku.

Ndipo nthawi ikadzafika, yopepesera akatulutse alamu.