Mmene Ndinalowera Kuchipinda kwa Mkamwini Ndili ku Lirangwe

Anzanga, mukundidziwa, ine sindipusitsidwa wamba. Ndinafika Fomu 4 nthawi imene anzanga kuno ku Lirangwe ankathera Sitandade 5. Ndiye Davie, mnyamata wogwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka, atafunsira mwana wanga Tadala, ndinati ameneyu ndimufufuza ndekha. Ntchito yabwino, nyumba yakeyake, ndiye akhale opanda mkazi? Ndinalumbira kuti ndikangopeza kachizindikiro, ukwati palibe.

Tsiku lodzaonekera anabwera ndi amalume ake, atanyamula chimagalasi chovala kumutu. Akuti nyumba yake anaijambula yonse, ukavala umakhala ngati uli momwemo, tisavutike ndi ulendo wa ku Chileka. Davie anayamba kulumikiza zinthu ku TV uku akufotokoza, ine n'kumudula.

"Bambo, musatiphunzitse, zimenezi tinaziona kalekale."

Ndinali ndisanazionepo.

Ndinakhala pampando, TV ili kumbuyo kwanga, n'kuvala. Pabalaza makatani ogwirizana ndi mipando, mwamuna yekha angasankhe zotere? Kukhitchini mapoto okwechedwa mpaka kunsi. Mtima unati muno muli munthu. Kenako ndinaona chitseko cha kuchipinda chili chitsegukire. Ndikudziwa, mpongozi saponda kuchipinda kwa mkamwini, koma ndinati akundiona ndani, si zili m'maso mwanga ndekha? Ndinadina kabatani, ndalowa.

Achimwene anga, omwe ndi ankhoswe, anatsokomola.

"Achemwali, tabwererani pabalaza."

"Ndili pabalaza pomwe, ndikuona mipando."

Bodza limenelo ndikulinena nditatsika kale pampando, ndagwada, khosi ndapinda, ndikusuzumira kunsi kwa bedi la eni ake. Ndipo ndinazipeza. Nsapato zachikazi, zofiira, zazitali chidendene.

"Ndagwira. Amalume ake, mwana wanuyu ali ndi mkazi, nsapato ndi izi."

Ndinavula chimagalasi kuti ndione manyazi awo. Onse maso ali kumbuyo kwanga, pa TV, chithunzi chitaima pa nsapato zija. Kani chilichonse chomwe ndimayang'ana iwo amaonera limodzi, kuyambira kunsi kwa mapoto. Davie wazyolika. Tadala sakuoneka, wazemba.

Amalume aja anafunsa mwaulemu kwambiri, "Mayi, mwazionetsetsa?"

Ndinasendera pafupi. Chidendene chakumanzere chomata ndi guluu. Anamata ndine. Nsapatozo ndinagula ndekha ku Limbe, ndipo Tadala anandiuza kuti zinabedwa kukwaya, ine mpaka kukalalatira mwana wa aneba.

Achimwene anati, "Mkaziyo mwamupezadi, achemwali. Tsopano tikambe za tsiku, ndipo lifulumire."

Ukwati ndi mwezi wamawa. Nkhuku yopepesera kulowa kuchipinda ndinapereka, ngakhale mpaka lero ndimanenetsa kuti phazi langa silinachoke ku Lirangwe. Kwa aneba sindinapitebe, ndikusowa poyambira. Chimagalasi chija sindidzavalanso, ndipo kunsi kwa bedi ndizisuzumira kwanga kokha.