Mutu Wanga M'chipewa cha a Walter

Mpaka lero khosi langa silitembenukira bwino kumanzere, ndipo anthu akandifunsa ndimangoti ndinagona molakwika. Lero ndiulule.

Munali mu 1996, nyengo yotentha. Ndinkakhala kudziko la azungu, ku Silver Spring, koma ntchito ndinkagwira ku Fairfax, yosamalira mzungu wina wokalamba, a Walter. Ntchito yake inali yowasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kenako n'kukhala. Kukhalako n'kumene kunkandivuta. Ine matako anga sagwirizana ndi mpando. Ndinkapukuta mawindo oyera kale, kutsegula firiji n'kutsekanso, kuwerenga magalimoto odutsa.

A Walter paunyamata wawo ankalowa pansi pa nyanja kukakonza sitima. Akayamba kufotokoza sankafuna kudulidwa. Ankati masiku amenewo munthu ankatsitsidwa pa chingwe ngati ndowa ya pachitsime, anzake awiri ali pamwamba kupopa mpweya kudzera m'payipi. Opopawo akayamba kukangana za akazi, iwe pansipo umadziwira kubanika. Kenako kunabwera mabotolo a mpweya obereka kumsana, ndipo iwo anali m'gulu la oyamba kuwayesa, zipangizo zina atachita kulumikiza okha m'galaja.

"Anzanga ena sanabwerere," ankatero. "Ife tinkaphunzira pa maliro."

Pabalaza panali chipewa chawo chakale cholowera m'madzi: chimphika cha mkuwa, chokhala ndi timawindo tagalasi, chokhazikika pa chitsulo chovala m'mapewa. Tsiku limenelo ndinali nditachipukuta kachitatu.

"Kwanu munalowapo pansi pa madzi?" anandifunsa.

"Kambirimbiri," ndinayankha (ine wa ku Dedza, amene madzi ofika m'mawondo ndimayamba ndapemphera).

"Ndiye valani."

Ndikanakana. Koma ndinanyamula chitsulocho n'kuika m'mapewa, ndinagwada patsogolo pa njinga yawo ya olumala, tinathandizana kukweza chimphikacho. Manja amene ankalephera kugwira supuni anachipotoza kamodzi kokha. Kumbuyo kwa mutu wanga ndinamva kuti khe!

Mphindi yoyamba inali yokoma. Ndinayenda pakapeti pang'onopang'ono, manja ali tambalale, a Walter akuwomba m'manja. Mphindi yachiwiri ndinazindikira kuti ndasenza thumba la simenti. Yachitatu galasi linachita nthunzi, fungo la thukuta la nkhondo ya dziko lonse isanathe linandilowa m'mphuno.

"Bambo, basi, ndivuleni!"

Zii. Ndinasuzumira pa kawindo kam'mbali. Mankhwala a masana anali atagwira ntchito, mkuluyo ali mkonono, kukamwa kuli yasa.

Ndinakoka, chinakana. Ndinapotoza, mapewa anapotokera limodzi. Ndinayesa kuwerama kuti chigwe chokha, ndinagwa ndine, mutu n'kugunda tebulo, mkatimo munalira ngati belu la tchalitchi. Ndinakwawira pa telefoni kuti ndiimbire mlamu wanga ku Germantown, ndiye ndinadzifunsa: khutu lake liti?

Apo belu la pakhomo linalira. Linali Lachinayi, tsiku loyendera la Mayi Tembo, namwino wa ku Lusaka amene ankatiyang'anira. Cholembera cha mayi ameneyu chinali chitachotsa kale anthu awiri ntchito, ndipo ine ndinali ndi mkazi woyembekezera kunyumba.

Ndinayenda chogwira khoma n'kutsegula. Mayiwo anakuwa, chikwama uko, iwo atafika kale pamsewu.

"Ndine, mayi! Ndine!"

Anabwerera mwakachetechete n'kusuzumira pagalasi.

"Imwe a Malawi, mwafuntha? Odwala ali kuti?"

"Agona bwinobwino, mayi. Mankhwala amwa."

"Manje imwe muchita chani mu poto?"

Anandikhazika pansi. Anandiponda paphewa n'kukoka, makutu anga anatsala pang'ono kupita nawo. Anathira mafuta ophikira m'khosi, mafutawo anangotsikira m'malaya. Atanena zoitana ozimitsa moto ndinawagwira mwendo. Galimoto lofiira pakhomo la mzungu, Lamlungu nkhani ikanafika kutchalitchi ine ndisanafike.

Phokosolo linadzutsa a Walter. Anatiyang'ana, ndipo mawu amene anatuluka sanali a nkhalamba yodwala.

"Mayi, siyani kukoka, mumuthyola khosi! Kumbuyoko kuli kachitsulo, kwezani. Tsopano potozani. Iwe mkatimo, usagwedezeke!"

Mayi Tembo, amene sankalamulidwa ndi munthu, anangoti, "Chabwino, bwana." Chimphika chinatuluka ngati nthabwala. Ndinapuma mpweya wa ku Fairfax ngati ndabadwa kumene.

Mayiwo anakhala pansi n'kuyamba kulemba, ine ndili chiimire, mafuta akudontha m'chigongono. Anandionetsa pepalalo. Analemba kuti wodwala ali wosangalala ndipo akukumbukira zinthu bwino kwambiri. Za ine sanalembe kanthu.

"Koma nikamva futi," anatero akuloza chitseko.

Ndinalumbira kuti zinthu za a Walter sindidzakhudzanso. Sabata yotsatira anandituma m'chipinda chapansi kukatenga nsapato zawo zolowera m'madzi, zokhala ndi mtovu kunsi. Anati ndingoyesa phazi limodzi.

Ndinayesa onse awiri.