Tsiku Limene Ndinafunsa Ngati Galu Amaluma

Abale, nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma poti ku Bangwe ikudziwika kale, bola muimve kwa mwini wakene.

Chaka chatha ndinapeza ganyu ku bungwe lina lochita kafukufuku wa momwe anthu a m'tauni amadzitetezera kwa akuba, komanso ngati amakhulupirira apolisi ndi makhoti. Anatiphunzitsa masiku atatu, n'kutipatsa tabuleti, baji ya chithunzi ndi kalata yachidindo. Otiyang'anira, a Likaka, anabwereza mpaka kutopetsa kuti tisanafunse kanthu tizidzifotokoza kaye, tionetse baji, tiwerenge tsamba lopempha chilolezo. Ine mayi wa ana atatu, mlembi wa kwaya kwathu ku Zingwangwa, ndinkangogwedeza mutu, mumtima ndikuti zimenezi akuuza ana a dzulodzulowa.

Lachinayi lake ndinasintha chikwama kuti chigwirizane ndi nsapato, ndipo ndinazindikira nditatsika kale minibasi ku Bangwe kuti baji ndi kalata zatsala m'chikwama chinacho. Kubwerera? Ndi dzuwa limene lija? Ndinadziuza kuti nkhope yanga ndi kalata yokwanira.

Pofika nyumba yachisanu kukhosi kunali kutauma, tsamba lachilolezo lija ndinangolidumpha. Ndinapeza mayi wina akuyanika zovala, dzina ndinalimva pambuyo pake kuti ndi mayi Alufandika. Ndinapereka moni, ndinati ndili ndi timafunso pang'ono ta chitetezo, basi n'kuyamba. Kodi masana pakhomo pano pamakhala munthu? Bambo amachoka nthawi yanji, amabwera nthawi yanji? Chitseko chakuseri mumatseka ndi loko kapena mpiringidzo? Mayiwo ankayankha mwaulemu ndithu, kungoti mawu ankanka nachepa, koma ine osaona kanthu, maso ali pa tabuleti. Ndiye nditaona galu atagona pansi pa mtengo wa mapeyala ndinawonjeza funso langalanga, lomwe pafomu panalibe.

"Nanga galuyu amaluma, kapena ndi wongouwa?"

Ndinafunsatu chifukwa cha mantha, ndinalumidwapo ndili mwana. Koma inu mukanakhala mayiwo mukanaganiza chiyani?

Sindinalekere pomwepo. Fomu inkafuna kuti tione ngati mawindo ali ndi zitsulo, choncho ndinazungulira kuseri osapempha, n'kupeza windo lina lokhomedwa ndi matabwa. Ndinalijambula, ndikulankhula ndekha mokweza kuti apa ndiye n'posavuta kulowa.

Pobwerera ndinapeza andiikira mpando pamthunzi, thobwa lozizira lili m'kapu, akuti ndisafulumire, ndipume kaye. Zinandikhudza. Ndinawauza kuti anthu a mtima ngati wawo akusowa masiku ano, iwo n'kungovomera akudina foni. Ndinamwa kapu yachiwiri osadziwa kuti chithunzi changa, kapu ili kukamwa, chafika kale pagulu la pafoni la achitetezo a m'deralo.

Sipanathe mphindi khumi, pageti panadzaza. Abambo anayi a zibonga, amayi ochokera kumpopi ndowa zili m'manja, ena ongotsatira. Tcheya wa achitetezowo, bambo wamtali wa imvi, anandifunsa modekha kuti ndine ndani ndipo wandituma ndani. Ndinatchula bungwe, palibe amene analimvapo. Anapempha chiphaso, ine kupisa m'chikwama, kutuluka mpango, buku la nyimbo ndi korona wopempherera. Wina kumbuyo anati akuba a masiku ano amayenda ndi korona. Ndinati chabwino, onani pa tabuleti, ndipo chimene anaona ndi chithunzi cha windo lija komanso mayankho a nyumba zinayi, osonyeza nthawi imene eni ake sakhalapo. Ndinaimbira a Likaka kawiri, foni yongoitana.

Apa nthabwala zinatha. Tonse tikudziwa zimene gulu limachita likakwiya, ndipo maganizo anga anathamangira kwa ana anga. Mayi Alufandika anafotokoza, misozi ili m'maso, kuti sabata ziwiri zapitazo akuba anathyola windo lomwelo masanasana iwo ali kuchipatala, n'kutenga makina osokera amene ankadyetsa banja lonse. Dzulo lake la kubedwako kunabwera mayi wovala bwino, wofunsafunsa ngati ine. Nditamva zimenezo manyazi anaposa mantha. Munthu wabedwa, bala likadali laliwisi, ine n'kubwera kudzamufunsa ngati galu wake amaluma.

Atcheya anakweza dzanja n'kunena kuti pano palibe wokhudza munthu, nkhani ikathere kupolisi. Bambo ameneyo ndimamupempherera mpaka lero. Tinauyamba ulendo wapansi, ine pakati, kudutsa pamsika pomwe, ogulitsa tomato akuimirira kuti aone bwino wakuba wopaka milomo.

Kupolisi ndinakhala pabenchi maola awiri mpaka a Likaka, atapezeka pafoni, anatulukira ndi kalata. Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zomwe zinandipweteka kwambiri. Anapepesa kwa wapolisi, kwa atcheya, kwa mayi Alufandika, nanenso ndinagwada n'kupepesa. Mayiwo anandidzutsa okha, akuti nawonso sakhala akugona tulo chibedwereni. Anawonjeza kuti ngati kafukufukuyo angathandize kuti wina asadzabedwe ngati iwo, ndiwafunse mafunso otsalawo, tithane nazo lero lomwe.

Tinakhala panja pansi pa mtengo, awiriwiri. Anandiuza zambiri, za magetsi a mumsewu amene anafa kalekale, za mmene amatopera kupita kukafunsa za mlandu wawo. Kenako tinafika pa funso lomaliza, ine n'kuliwerenga.

"Mukaona munthu wokayikitsa m'dera lanu, mumatani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka koyamba tsiku lonselo.

"Limenelo yankhani nokha, mayi. Munalipotu."

Ganyu sanandichotse, kungoti pamaphunziro a gulu lotsatira, ife akale tili pomwepo, nkhani yanga ndi imene ankaperekera chitsanzo, dzina osatchula, koma aliyense akutembenukira kwa ine. Chichokereni tsiku limenelo, ngakhale ndipite kukapempha mchere kwa neba amene takhala naye zaka khumi, ndimaima pageti n'kuyamba ndatchula dzina langa, kumene ndikuchokera ndi chimene ndadzera.