A Tcheya, Handibuleki ya Malemu Sibale

Ine ndidaimitsapo pikapu yodzaza khofi ndi phazi limodzi pachitunda cha ku Misuku, phazi linalo ndikupha nalo njoka. Chabwino, njoka padalibe. Phazilonso silidali langa, ndipo kunena zoona silidali phazi. Udali mwala. Koma mwalawo ndinkaudziwa bwino, chifukwa udali wa mlamu wanga, malemu Wallace Sibale, dalaivala yekhayo m'Chitipa muno amene handibuleki yake inkakhala pampando wakutsogolo ngati munthu.

Handibuleki yeniyeni mupikapumo idalimo, koma chingwe chake chidakhwefuka kalekale. Ukakoka chogwirira, chinkakwera mpaka kudenga osagwira kanthu, ngati lonjezo lapakampeni. Giya inkatuluka yokha injini ikazima. Sitata idamwalira ana a Wallace asanabadwe, choncho galimoto inkayenera kuima pamtsetse kuti idzalire poserereka. Tangoganizani: galimoto yosatha kuima pamtsetse, yosathanso kunyamuka pena paliponse. Ku Misuku, kumene ngakhale nkhuku imaikira dzira itapondera buleki.

Mwalawo udali wakuda, waukulu ngati dzungu lapachulu. Wallace adautcha a Tcheya. Ankati udindowo ukuwayenera: amakhala kutsogolo, sayankha mafunso, ndipo ntchito yawo ndi kuimitsa zinthu zofuna kuyenda.

Lamulo lidali limodzi. Wokhala kutsogolo afukate a Tcheya pamiyendo. Galimoto ikaima, Wallace ankapondereza buleki yaphazi n'kunena kuti, "A Tcheya atsike." Iwe udumphe, ukawaike kunsi kwa tayala lakumbuyo. Ponyamuka uwazule, uthamangire galimoto ikuyenda, ukwere nawo.

Ife eni dera tinkalimbirana kumbuyo. Ovutika adali mabwana otumizidwa kuchokera kummwera. Ndikukumbuka a Makwinja a ku Zomba, a ofesi ina paboma, amene ankapita ku Misuku kukauza alimi a khofi mmene khofi amaonekera. Ataona amayi ndi madoda akukanganirana pamwamba pa matumba, mpando wofewa atausiya, adayamikira kuti anthu akumpoto amadziwa ulemu. Wallace adati yewo bwana, n'kuwakhazika a Tcheya pabuluku lositidwa. Kuchokera pa Kapoka, pomwe msewu umayamba kukwera, aliyense wonyamula nthochi ankaimitsa galimoto. Pofika kumsonkhano taye idali kumsana, ndipo mawu oyamba amene a Makwinja adauza alimi adali opempha madzi. Ndikumva adapempha kuti awasamutsire ku Nsanje, kumene kulibe chitunda.

Tsiku lina wapolisi wapamsewu adauza Wallace kuti akoke handibuleki aone. Wallace adatembenukira mkulu wampingo amene adali kutsogolo tsikulo n'kunena kuti, "Akulu, mwamva." Mkulu uja adatsika ndi mwala wake mwaulemu ngati wanyamula mbale yachopereka. Wapolisiyo adaseka mpaka chipewa kugwa, ndipo pochitola adapeza atapita.

Mafundi, amakanika a kumalire aja, ankauza Wallace kuti kukonza handibulekiyo ndi ntchito ya nati imodzi, yotha tiyi asanazizire. Iye ankayankha kuti chingwe chimaduka koma mwala suduka, ndipo a Tcheya sadapemphepo sipeya ya ku Japan.

Amene sankaseka adali mkazi wake, mlongo wanga Grace, amene kuno timamutcha Nakayange. Ulendo woyamba atangokwatiwa adanena kuti sadabwere kudzalera mwala. Wallace adati ndiye kutsogolo kulibe malo. Onse awiri mitu yawo idali ngati a Tcheya omwewo. Zaka zonse za ukwati wawo Grace ankakhala kumbuyo pakati pa matumba ndi mbuzi, n'kumafika paboma ali psuu ndi fumbi, moti madokotala atsopano ankayesa ndi matenda.

Ndiye udafika ukwati wa mwana wawo Chrissy, wochitikira paboma. Grace adasoketsa diresi yoyera ndi duku lake. Sadakweze mawu. Adangouza mwamuna wake, ine ndili pomwepo, kuti Loweruka akhala kutsogolo manja ali pamiyendo opanda kanthu. Zikakanika, ukwati wa mwana wake sapitako, abwerera kwathu ku Kaseye, ndipo ng'ombe zamalowolo akazitenge kwa Levison.

Levison ndine. Ng'ombezo zidasanduka malata a nyumba yanga mvula zambiri zapitazo.

Wallace adangoti handibuleki ija idafa, ndipo akufa sadzuka chifukwa cha diresi. Adanyamuka kupita kubawo.

Apa ndi pomwe dziko lidadziwa kuti ndili ndi mutu. Lachisanu masana ndidabwereka jeke ndi sipanala. Ndidapempha a Tcheya agwire tayala lakutsogolo, ntchito yawo yomaliza, iwo osadziwa. Ndidakweza matayala akumbuyo, ndidatsitsa chogwirira, n'kukwawira pansi. Kumeneko chingwe chimagawikana pawiri, china kupita tayala ili, china linalo, ndipo pamphandapo pali nati. Umaimanga pang'ono, kutuluka, kukoka chogwirira n'kumvetsera. Chikalira keche keche pang'ono n'kulimba, tayala osatembenuka ndi manja, zatheka. Ukachitsitsa tayala lizizunguliranso momasuka, chifukwa ukamangitsa, ufika paboma kumbuyo kukununkha ngati akuwotcha chimanga. Ine ndidamanga mpaka mitsempha yam'khosi kuoneka. Natiyo idali ndi dzimbiri lachitsamunda, koma idagonja.

Loweruka m'mawa Grace adatuluka ali mbee, adanyamula a Tcheya ndi nsanza kuti asadetse diresi, n'kuwaponya kumbuyo pakati pa amayi amvano ndi madengu. Adakhala kutsogolo. Wallace adangoyang'ana kutsogolo ngati dalaivala wa maliro.

Pamtsetse woyipa uja, pomwe ukayang'ana pansi umaona madenga a anthu ngati mabokosi a machesi, azakhali ena adaimitsa galimoto. Wallace adaponda buleki. Pakamwa padayankhula pokha mwachizolowezi: "A Tcheya atsike."

Palibe adatsika. Kumbuyo amayi adasiya kuimba. Ine ndidayamba kusankha mtengo woti ndidumphirepo.

Grace adatambasula dzanja, adakoka chogwirira, keche keche, n'kuuza mwamuna wake kuti achotse phazi. Adachotsa pang'onopang'ono. Pikapu idaima nji, ngati yamera mizu.

"Mwachotsa munthu paudindo popanda chisankho," adatero Wallace.

"Akadandaule kukomiti," adayankha Grace, akukonza duku.

Adafika kutchalitchi ali woyera, ndipo abale ena a paboma sadamuzindikire.

Kuyambira pamenepo mpando udali wake. Koma Wallace sadataye a Tcheya. Akaima ankakoka handibuleki, kenako n'kutsika yekha, ndi mawondo ake olira aja, kukawaika kunsi kwa tayala. Ankati munthu wopuma pantchito ukamusiya osachita kanthu amafa msanga.

Adatsogola ndi iyeyo, dzinja lathali. Adadwala pang'ono, adagona, osadzukanso. Masiku ano ku Misuku kumakwera njinga zamoto za anyamata osapereka moni, ndipo mabwana amafika taye ili malo ake. Pa Kapoka palibenso wothamangira galimoto atafukata mwala. Pikapu ili pansi pa mtengo wa mapeyala kuseli kwa nyumba, yoyang'ana kumtsetse monga mwa masiku onse, a Tcheya ali kunsi kwa tayala momwe mwini wake adawasiyira. Madzulo ena Grace amatsegula chitseko n'kukhala kutsogoloko, akusankha nyemba m'lichero.

Ndi momwe ndidamupezera sabata yatha, Chrissy atabwera kudzamuona. Ndidatsamira boneti n'kuyamba kukumbutsa Chrissy kuti pakadapanda asibweni ake, ine malume wake weniweni, mayi ake sakadaona ukwati wake. Ndidafika pa dzimbiri lachitsamunda paja.

"Levison," adatero Grace, osakweza mutu. "Loweruka lija ndidadzuka m'mamawa kukatunga madzi. Ndidaona mapazi awiri atatulukira kunsi kwa galimoto ino. Mapazi amenewo ndidagona nawo zaka zonsezi, ndimawadziwa. Atatuluka adandipempha kuti ndisauze munthu, a Tcheya angamve."

Ndidati mwina ankangoyendera ntchito yanga.

"Ntchito yanu adaiona. Inu mudamanga nati yogwira tayala lasipeya. Weramani muone, mpaka lero palibe adalimasula."