Nsomba Zofiila za pa Damu la ku Ndake

Mpaka lelo ndikamadutsa pa Kacholola, anyamata amatsina mphuno n'kufufumitsa masaya. Wolakwa ni Zuze, osati ine.

Zuze tinakulila limodzi, makolo ake anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anapita kukaona abale ake kunyanja ya mchele, n'kupeza nchito yoyendetsa azungu pa boti pa kachisumbu kena. Atabwelako, anakhazikika pa benchi ya Tisa, wogulitsa nthochi, amene ine ndinali nditamufunsila kale (anali asanayankhe, koma nthabwala zanga ankaseka).

"Ona, Tisa," anatelo akumuonetsa foni. "Kum'mawa kwa chisumbu madzi ni oyela mbee, nsomba zachikasu zimakugunda pamphuno. Kuseli kwa miyala ndiye kuli akamba. Umangovala magalasi, kapaipi pakamwa, basi."

"Mayo ine! Suopa?" anatelo Tisa, n'kumupatsa nthochi yaulele. Ine sanandipatsepo ngakhale yovunda.

Ine mtima unawila, n'kulowelela. "Zachibwana zimenezo! Pa damu la kwathu ku Ndake timachita tsiku lililonse. Mubwele mailo mudzaone."

Kunyumba ndinatenga magalasi amene atate amavala popopela thonje, n'kudula paipi ya sipuleya yawo (ndinaitsuka kamodzi, ndinali pa changu). M'mawa mwake awiliwo anafika ku damu pa njinga imodzi, Tisa atagwila Zuze m'chiuno. Nditaona zimenezo sindinayese n'komwe madzi ndi phazi. Ndinangodziponya, phuvu!

Pansi panali matope okhaokha. Magalasi opopela ali ndi timabowo m'mbali, madzi anadzaza m'maso. Nditakoka mpweya, mankhwala a thonje anandiwotcha pakhosi. Ndinavuuka ndikutsokomola, maso ndi maso ndi ng'ombe ya a Mwanza imene inali kumwa. Madzi ake anali olekeza m'mawondo.

"Waona nsomba zingati, mkulu?" anafunsa Zuze.

"Zambili! Zofiila!"

"Zofiila ni zimene zakumamatila pamsanazo?" anatelo Tisa.

Inali misundu, itakhuta kale magazi anga.

Zuze ndiye anaichotsa umodziumodzi, n'kundipalasa mpaka ku chipatala ku Nyimba, ine ndikusanza kumbuyo. Pa khomo la chipatala ndinamva Tisa, amene anatitsatila, akuti, "Zuze, uli ndi mtima wabwino iwe." Mtima wabwino wa pa msana wanga!

Akwatilana chimanga chikakololedwa. Koma Tisa ali ndi mng'ono wake, nayenso wayamba kukonda foni ya Zuze. Ndamva kuti mu Luangwa madzi amayela nthawi ya dzuwa. Vuto ni ng'ona chabe.