Zinkhwe, chifefe ndi dowe wa mayi a Tadala

Lolemba

Nkhondo yayamba. Ndafika m'mawa ku kadimba kanga kobwereka ku khonsolo, ndapeza zinkhwe zili pa msonkhano. Zobiriwira, zaphokoso, zopanda manyazi. Zikusenda chimanga changa ngati tinalima limodzi! Ndikukuwa, zikungondiyang'ana cham'mbali.

Chimanga chimenechi si chamasewera. Ndi choyera, cha kwathu, osati chachikasu chotsekemera chija cha m'masitolo a muno mu Croydon, ku London. Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi oyembekezera, ndipo chimene mtima wawo ukufuna ndi dowe basi, wootcha, wotopetsa nsagwada. Ndinawalonjeza. Akhala atakhwima bwino Lamulungu likubwerali, ngati mbalamezi zingatisiyireko.

Nzeru yabwera: ndigule mfuti ya chifefe. Malume anga ku Ntcheu ankangowomba kamodzi, anyani n'kusamuka m'munda. Koma ine ndikufuna chamakono, chija chimadzilowetsera chokha chipolopolo ukangowomba. Pho pho pho pho, nkhani yatha. Mayi sindiwauza, angayambe kudandaula.

Lachiwiri

Ndikuwerenga malamulo pafoni mu tiramu, kasitima ka m'tauni kaja, mpaka ndapitirira potsikira. Kuti munthu apatsidwe layisensi ya chifefe pakufunika:

anthu ondichitira umboni, ondidziwa kwa zaka, koma asakhale achibale;
dokotala wanga anene kuti mutu wanga ukuyenda bwino;
kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma;
wapolisi abwere kunyumba, aone kabatiyo, mwina achezenso ndi mkazi wanga.

Achezenso ndi mkazi wanga! Ndikugula mfuti kapena ndikufunsira mbeta?

Choipa kwambiri chili kumapeto. Pa layisensi imeneyi magazini a mfutiyo asalowe zipolopolo zoposa ziwiri, chachitatu chikhale mumpope. Zitatu basi. Zinkhwe zija n'zosawerengeka. Amene analemba lamuloli sanalimepo.

Lachitatu

Ndajomba kuntchito masana, ndapita ku sitolo ya mfuti. Mukununkha mafuta ndi zikopa. Wogulitsa ndi mzungu wandevu, waulemu mopweteka. Ndamuuza kuti ndikufuna cholowa zipolopolo zambiri. Akuti chimenecho chili ndi layisensi ina, yovuta kuposa ija, ndipo apolisi amafuna chifukwa chomveka. Ndati chifukwa chilipo, zinkhwe. Wafunsa kuti famu yanga ndi yaikulu bwanji. Ndatambasula manja, ndayeza kuchokera pachitseko kufika pa kauntala.

Kenako wafunsa ngati pafupi pali nyumba. Zilipo, ndi sukulu yamkaka, ndi njanji ya tiramu. Wavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Akutinso layisensi imatenga miyezi. Miyezi! Pofika nthawiyo zinkhwe zidzakhala zitaitana ndi alamu awo omwe. Komabe sindigonja, chaka chamawa kulinso chimanga. Zitatuzo ndilandira, ndizingoloza bwino.

Lachinayi

Landilodi wayankha nkhani ya kabati ndi mawu amodzi: ayi. Munthu amene anandidzudzula chifukwa cha msomali wa kalendala, ndimayembekezera chiyani?

Madzulo ndaimbira a Mbewe a ku Wembley kuti andichitire umboni. Ndi mkulu wampingo, si achibale, ndipo ndi amene anaima ngati nkhoswe yanga pa ukwati wathu, poti amalume enieni anakanizidwa viza. Ndangoti "mfuti", iwo afunsa:

"Mwana wanga, kunyumba kuli bwino?"

Ndati kuli bwino, kungoti zandikwana, Lamulungu lisanafike ndikufuna ndithane nazo. Ndimanena mbalame. Ndikuona tsopano kuti mbalamezo sindinazitchule n'komwe, chifukwa batire inathera pomwepo.

Lachisanu

Mfuti ndilibe, layisensi ndilibe, koma London yense akudziwa kuti ndili nayo. Abusa anditumizira vesi. Mnzanga wa ku Zambia walemba kuti: "Mudala, nimvela ati mwagula mfuti. Take it easy, bakazi ni so chabe." Wina amene sitinalankhulane chiyambire chaka wandifunsa ngati ndikugona mokwanira.

Mayi a Tadala amva kwa anti awo a ku Greenwich, nkhoswe ya kuchikazi. Antiwo atawafunsa ngati ndasintha khalidwe, mayi ayankha zoona zokhazokha: ndimadzuka m'mamawa osanena kopita, ndimabwera maso ali psu, ndimayankhula ndekha kubafa. Zonsezi n'zoona, kupita kwake n'kokaingitsa zinkhwe!

Ndafotokoza zonse. Aseka mpaka kugwira mimba, kenako asiya kuseka. "Ndiye mumati wapolisi adzandipeze ndili chonchi, osadziwa kanthu?" Awaimbira ankhoswe kuti palibe mlandu, koma nkhoswe ikanyamuka sibwerera panjira. Akubwera mawa, onse awiri.

Loweruka

Afika, a Mbewe ndi Baibulo, anti ndi chitenje chapamaliro. Tatsegula ndi pemphero. A Mbewe akumbutsa kuti bambo awo anathawa kumudzi chifukwa cha anthu a mfuti, ndiye iwo sangasainire mfuti ngakhale ya chidole. Anti akundiyang'ana m'matumba.

Ndati tiyeni kudimba mukaone nokha. Mayi a Tadala atsala, miyendo yatupa. Takwera tiramu atatu, ine pakati ngati wamlandu.

Kudimba kuli zii. Chinkhwe ngakhale chimodzi! Sabata yonse zimachita chikondwerero, lero ndikuzifuna ngati mboni, zapita kutchuthi. Mwayi wake zisononkho zodyedwa zilipo, ndawaonetsa.

Koma ankhoswe sakuonanso umboni. Akuona chimanga. A Mbewe asenda chimodzi, abaya njere ndi chikhadabo, mkaka watuluka. Maso awo alengeza misozi. "Ichi ndinachidya komaliza mayi anga ali moyo." Anti aiwala za mfuti, akuyeza china ndi dzanja. "Iii, bambo a Tadala, ndinu mlimi eti! Organic yeniyeni."

Ndiye munthu ungatani? Akuluakulu abwera mtunda wonsewo chifukwa cha iwe, aima m'munda mwako, ayamikira. Ungawabweze chimanjamanja? Pakamwa panga panena pokha: "Thyolani, musachite manyazi." Sanachitedi manyazi. Anti avula chitenje chija n'kuchiyala pansi. A Mbewe akumbukira abusa, akumbukira mlamu wawo wodwala, akumbukiranso mayi wina wamasiye wa ku kwaya. Ine ndikumwetulira, ndikuthandiza kuthyola, mtima ukulira. Mawu oti "siyaniko cha mayi" afika pakhosi kangapo, abwerera.

Mlandu watha bwino. Akuti ndine mwamuna wabwino, ndingochepetsa mtima wapachala.

Lamulungu

Ndalawira kudimba ndi thumba, mwina tinaphonyako china. Mapesi okhaokha. Zinkhwe zabwera, zazungulira kamodzi, zapita kwa a neba. Ngakhale izo zaona kuti pano palibe chotsala.

Kutchalitchi aliyense akundigwira dzanja. Abusa ayamika Mulungu chifukwa cha mtendere wa m'mabanja, komanso chifukwa cha dowe. Akuti anali wokoma kwambiri.

Za layisensi ndasiya. Umboni ndilibe, kabati ndilibe, choteteza ndilibenso.

Mayi a Tadala sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Atsegula chitini cha chimanga chachikasu chija, akudya ndi supuni ataima pa sinki. Ndayamba kufotokoza za ulemu wa akuluakulu. Andidula mofatsa, osatembenuka.

"Mbalame zimafuna kudya pang'ono, munati muziwombere. A Mbewe atenga chonse, mwawanyamulira mpaka pa tiramu."

A Mbewewo ndinawalipiriranso tikiti, koma zimenezo mayi sindinawauze.