Nkhondo ya Mita ya Gasi ya Abla Wedad

Tcherani khutu, inu a mibadwo ya m'tsogolo, mumve za chaka choopsa chija, chaka chimene anyezi anakwera mtengo kawiri mwezi umodzi, ndipo chikepe cha nyumba yosanja ya ku Muharram Bek, mumzinda wa Alexandria, chinafa osaukanso. M'chaka chimenecho munadzuka Abla Wedad, Mthyolachoko, Chiopsezo cha Aulesi, mayi wamasiye amene anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu popanda mwana ndi mmodzi yemwe wowabera mayeso.

Mdani sanabwere ndi ng'oma. Anakwawira pansi pa chitseko ngati kapepala: bilu ya gasi, mapaundi mazana anayi, m'munsi mwake mutalembedwa kuti "yongoyerekeza". Abla anali atangolowa kumene m'nyumba ya malemu mkulu wawo, ndipo pachitofu pawo pankangokhala tiyi ndi kapoto ka mphodza. Bilu yachiwiri inati mazana asanu ndi limodzi. Yachitatu inabwera ndi zilembo zofiira zolengeza kuti gasi adulidwa.

Anavala nsapato zawo za kumaliro n'kuguba ulendo wa ku ofesi ya kampani, kumene anagonjetsa mizere itatu asanafike pawindo loyenera. Kalaliki, akutafuna njere za mpendadzuwa, anawauza kuti wowerenga mita wakhala zaka zinayi akulemba kuti mitayo sakuipeza, choncho makina amangoyerekeza. Atafunsa kuti amayerekeza potengera chiyani, anayankhidwa kuti potengera bilu yoyerekeza ya mwezi wathawo. Ndipo ngati mitayo inasowadi, padzakhalanso chindapusa chotaya katundu wa kampani.

"Mwanawe," anatero Abla, "ine mwana aliyense woyerekeza yankho ndinkamupatsa ziro. Iwe akukupatsa malipiro."

"Ikapezeka mubwere, Abla, Mulungu akalola. Wotsatira."

Masiku atatu anasanthula nyumba yonse, pansi pa sinki, kuseri kwa firiji, mpaka m'masutikesi a malemu. Tsiku lachinayi anatenga rula yawo yakale n'kulondola paipi kuchokera kuchitofu, akuigogoda ngati wophunzira wogona. Paipiyo inabowola khoma, inatulukira pamakwerero, n'kukalowa m'kabati yaikulu yamaloko awiri.

Kabatiyo inali linga la Ustaz Fikry a chitseko choyang'anizana ndi chawo, amene anapuma ntchito ku njanji, Mbuye wa Mabotolo Makumi Asanu ndi Awiri, Msungi wa Mandimu Amchere. Anaikhoma pamenepo malemu ali chigonere ndi matenda, ndipo malemuwo anamwalira akulipira mabilu osafunsa.

Abla anapempha makiyi mwaulemu. Ustaz anatuluka atavala zogonera zamizeremizere, anaima pasitepe yapamwamba, nakweza chala kuti onse a m'nyumbamo amve.

"Mandimu awa, Abla, ali patsiku la khumi ndi chiwiri mwa masiku makumi anayi. Akaona kuwala afewa. Ine ndinayendetsa masitima a dziko lino, sindingagonjere paipi. Mulibe mita muno."

"Ndiye paipi yanga ikukadya mandimu, Ustaz?"

Ustaz anawatsekera chitseko.

Pamenepo unayamba msasa wa masiku asanu ndi anayi. Abla anakhazika mpando wawo patsogolo pa kabati, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, rula ili pamiyendo. Ustaz anabwezera ndi wailesi yokweza mpaka mapeto. Nyumba inagawikana pakati: olandira mandimu aulere anati mayiyu ndi wovuta, amene ana awo anakhoza masamu anati bamboyu ndi wakuba malo. Moni anatha pamakwerero. Koma mumtima Abla ankaopa, pakuti penshoni inali itatha, ndipo ankadziona akukwera nsanja zinayi ndi silinda ya gasi pamsana, pa zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.

Tsiku lakhumi anafika wodula gasi ndi sipanala yake, ali wefuwefu. Anapepesa, nafunsa pamene pali mita, pakuti podula gasi amadulira pamenepo. Abla anangoloza kabati ndi rula. Munthuyo anayang'ana paipi, anayang'ana maloko, kenako anatchula chindapusa chimene amalipira wotsekera katundu wa kampani. Ustaz anayamba kulankhula za ufulu wa mandimu, koma akazi awo, Madamu Ehsan, amene anali chete nkhondo yonse, anapisa dzanja m'thumba la mwamuna wawo n'kutulutsa makiyi. Umu ndi mmene linga linagwera.

Mabotolo anatsika makwerero dzanja ndi dzanja, adani akupatsirana. Kuseri kwa shelefu yachitatu inapezeka mita, yotuwa ndi fumbi, yonunkha viniga, ikudziwerengera manambala ake mokhulupirika popanda woiona. Wodula gasi asanatulutse n'komwe foni yoti awerengere, Abla anali atawerengera kale m'mutu: kampani inali itadya mapaundi zikwi khumi ndi chimodzi a gasi amene sanayake.

Abla anabwerera kwa kalaliki uja monga wogonjetsa. Iye anavomera zonse, nadinda mapepala, nawauza kuti kampani sibweza ndalama, imabweza gasi. Abla anawerengeranso: ndi tiyi ndi mphodza zawo, gasi ameneyo akanatha patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mutramu, kasitima koyenda m'misewu, pobwerera kwawo, chinawawawa si imfa ayi, koma kuti adzafa atasiyira kampani gasi wotsala.

Tsiku lomwelo anagogoda pachitseko cha mdani, ndipo pangano la mtendere linalembedwa kuseri kwa bilu yofiira. Ustaz adzabowola kawindo pakabati kuti mita izioneka. Abla adzatsegula khitchini yawo kwa aliyense wokhala ndi poto.

Lachisanu, anthu atabwerako kopemphera, Ustaz anadula riboni pakawindoko n'kulankhula kwa theka la ola za ubale wa anthu. Kenako mapoto anakwera kuchokera m'nsanja zonse: nyemba, mpunga, mapazi a ng'ombe ofuna maola asanu ndi limodzi, ndi madzi osamba a anthu amene anali atasamba kale. Ustaz mwiniwake anawiritsa mabotolo opanda kanthu, thukuta lili kamukamu.

Abla Wedad anakhala pampando wawo pamakwerero, diso pakawindo, akuonerera manambala akuthamanga. Madamu Ehsan anasuzumira kudzanena kuti zonse zapsa, azimitse kodi?

"Muwauze Ustaz awonjezere moto," anatero Abla. "Tangodyako mapaundi makumi awiri okha."